Momwe mungawedzere white perch pa ayezi kuno ku Maine

Abale amene muli kuno ku Maine, amene January akangokwana mumadzitsekera m'nyumba mpaka April, pali nsomba yosavuta kugwira nyanja zikaundana, ija amati white perch. Ndi yoyera mbuu, sikula kwenikweni, zambiri zimathera mainchesi 8 mpaka 12, koma zimayenda chigulu moti mukangozipeza ndowa sichedwa kudzadza. Ine ndimakonda ku Great Pond ndi North Pond, cha ku Belgrade Lakes kufupi ndi Waterville.

Yambani ndi laisensi. Aliyense wa zaka 16 kupita m'mwamba amayenera kukhala nayo, mumagula pa intaneti kwa a Inland Fisheries and Wildlife, nthambi ya boma yoona za nsomba ndi nyama zakutchire, kapena ku town office ya kwanuko. Muwerengenso malamulo a nyanja yomwe mukupitayo chifukwa amasiyana, malo ambiri amalola zingwe 5 pa munthu koma si konse. Ngati mukungofuna kulawa kaye, mu February mumakhala weekend imodzi yowedza opanda laisensi.

Nkhani ya ayezi siyochitira masewera ayi. Pamafunika mainchesi 4 a ayezi woonekera ngati galasi kuti munthu uyendepo, uja wotuwa wosakanikirana ndi snow mphamvu yake ndi theka chabe. Osayandikira pomwe mtsinje ukulowa kapena kutuluka m'nyanja, madzi oyenda amadya ayezi chapansi inu osaona. Funsani kushopu ya nyambo, amadziwa mbali yomwe yalimba sabata imeneyo, ndipo muzivala timisomali tija ta ice picks m'khosi, ntotchipa koma ndi tomwe mungadzikokere nato kunja zitavuta. Osapita nokha.

Tsopano chobowolera, amati auger, apa ndiye mundimvetsetse. Cha manja cha mainchesi 6 nchokwanira pa nsomba imeneyi, musanyengedwe ndi zazikulu za mainchesi 10, mudzangotha nazo mphamvu. Changa choyamba ndinagula kwa bambo wina pa intaneti, akuti changogwira nyengo imodzi, pentinso ali phuliphuli. Kufika panyanja, kupukusa, chikungozungulira pamwamba osaluma, chikungopala tiufa. Kutsamira ndi thupi lonse, thukuta kamukamu mkati mwa jekete, ndipo thukuta pa kuzizira kotero ndi loopsa chifukwa ukangoima limazizira pathupi nthawi yomweyo. Mkulu wina amene anatchera chapafupi anabwera, kuchitembenuza, kundionetsa: mipeni yake inali yobuntha, winanso atabenthuka kunsonga, akuti wina anachimenyetsa pa ayezi kapena anaboola pomwe pali mchenga. Tsikulo ndinawedza pa mabowo awiri amene iye anandiboolera, ndipo white perch pa mabowo awiri okha simungaipeze.

Ndiye mukamagula chakale, vulani chivindikiro cha mipeni muione ndi maso, iziwala bwino m'mphepete opanda pobenthuka, muonenso ngati masikuluwu ake ali olimba. Wogulitsa akamakana kuti muchione, musiyeni. Mipeni yatsopano ndi yokwera mtengo moti nthawi zina kuphatikiza ndi mtengo wa chakalecho ndi bwino kungogula chatsopano, ndiponso ija yotchipa yopanda dzina ya pa intaneti ina siikhala bwino pamalo pake, ngodya ikangolakwika pang'ono basi siidula. Chakuthwa sichifuna kukanikiza, mumangopukusa chokha chikulowa. Osachimenyetsa pansi pochotsa ayezi womatirira, ndipo mukamaliza bwezerani chivindikiro. Ena amachimangirira ku drill ya batire, zimathamanga, bola batire muziisunga m'thumba lamkati chifukwa kuzizira imatha msanga.

Ndalimbikira zobowolazi chifukwa nsombayi imafuna kuisaka. Nthawi yozizira imakhala kozama, mafiti 20 mpaka 40, pomwe pansi pali matope, ikudya tizilombo ta m'matopemo. Pezani mapu a kuya kwa nyanjayo, a boma aja ali nawo pa webusaiti yawo, boolani mabowo angapo motsatana kuchokera kosaya kupita kozama, chotsani zinyenyeswa za ayezi ndi chipande chobowokabowoka chija. Bowo lililonse mphindi 10, kukakhala zii pitani lina.

Ndodo yake ndi kaja kafupi, twaini wopyapyala wopirira kulemera kwa mapaundi 4, kunsonga kachitsulo konyezimira monga Swedish Pimple yaing'ono, pambedza kachidutswa ka nyongolotsi, osati yonse. Zolemetsa zing'onozing'ono za mtovu nzoletsedwa ku Maine chifukwa zimapha mbalame za loon, ndiye wina akamakugulitsani bokosi la agogo ake lodzadza mbedza ndi zolemetsa zakale samalani. Tsitsani mpaka pansi, menyetsani pamatope kawiri katatu kuti pavunduke, kwezani pang'ono, gwedezani kenako imani. Zimakonda kujompha pomwe mwaima. Pansi pakakhala palibe kwezani mafiti angapo, nthawi zina gulu limayandama pakati. Mukavuula imodzi bwezerani chingwe msangamsanga gululo lisanasunthe, osayamba zojambula zithunzi. M'mamawa ndi chakumadzulo dzuwa likupendeka ndi pomwe zimadya kwambiri. Pogwira samalani minga ya pamsana ndi cha m'makha, imabaya ngakhale muli ndi magolovesi.

Misampha ija amati ma trap, yomwe mbendera yake imadzuka nsomba ikajompha, mutha kutcherako iwiri ndi tinsomba tamoyo komwe amaloleza, totsala osatitaya m'nyanja, ndi mlandu. Zovala mukudziwa kale, mabutsi abwino, masokosi a ubweya, tiyi mu flask.

Kunyumba palani mamba, tumbulani, mchere, kazingani ngati chambo, nsima pambali. Anthu akuno amaphika chowder, supu wa nsomba wothira mkaka. Koma musanadye onani kaye malangizo a Maine CDC, nthambi ya boma yoona zaumoyo, nsomba za m'nyanjazi zimakhala ndi poizoni wa mercury, amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 8 sayenera kudya white perch, enafe kawiri pamwezi basi, ndipo nyanja zina zili ndi chenjezo lakelake la PFAS, mankhwala a m'mafakitale oipitsa madzi ndi nsomba.