Momwe mungakonzere motorhome kuti muzikhalamo chaka chonse ku Britain

Lendi ya kuno ku Britain ikafika pakhosi, ena timayamba kusirira galimoto zija zokhala ndi bedi ndi khitchini, zomwe eni dziko amati motorhome. Yanga ndi Fiat Ducato yakalekale, ndipo ndagonamo nyengo yozizira kawiri. Galimoto zimenezi anazipangira tchuthi cha nthawi yotentha. Kuti mukhalemo mpaka Januwale pali zofunika kusintha, ndipo makatani okongola si oyambira.

Choyamba, pitani pa sikelo. Ngati laisensi yanu ya kuno munakhoza kuyambira pa 1 Januwale 1997, malire a kulemera kwa galimoto ndi katundu yense ndi makilogalamu 3,500, pokhapokha mutawonjezera gawo la C1, lololeza kuyendetsa galimoto zolemera kuposa apo. Thirani dizilo, dzazani madzi, kwerani nonse amene muzikhalamo, kenako kapimitseni pa sikelo ya magalimoto. Zotsala kuti mufike pa malire olembedwa pa kachitsulo ka galimotoyo ndiye katundu amene mungawonjezere. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 100 yadya kale malo a munthu wamkulu. Thumba la ufa lija nalo muliwerengere.

Chachiwiri, magetsi. Apa ndi pamene ndalama zambiri zimathera, choncho tengani cholembera musanagule kanthu. Tinene kuti furiji ya 12V ikudya 40Ah patsiku (Ah ndi muyeso wa mphamvu imene batire imasunga), ndipo magetsi owunikira, foni, laputopu ndi hita zikudya 30Ah. Zonse pamodzi ndi 70Ah. Batire wamba ya 100Ah simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, apo ayi siichedwa kufa, ndiye kuti ikupatsani 50Ah yokha. Ya lithium, mtundu wa LiFePO4, imakupatsani pafupifupi mphamvu yake yonse, komanso kulemera kwake sikufika theka la inzakeyo. Vuto lake ndi limodzi: siifuna kutchajidwa kukazizira kutsika pa 0°C. Iikeni m'kati, kunsi kwa mpando, osati m'bokosi la panja.

Sola ikani padenga, ya 200W kapena 300W, pamodzi ndi chowongolera cha MPPT, chomwe chimayendetsa magetsi a sola polowa mu batire. Koma musaidalire ngati muli ku Salima. Mu Disembala ku London sikuwala ngakhale maola 8, ndipo kadzuwako kamangodutsa m'munsi ngati kali ndi ngongole. Chimene chimandipulumutsa ndi tchaja ya DC-DC, yomwe imadzaza batire injini ikamalira. Waya aliyense wochoka ku batire akhale ndi fyuzi pafupi penipeni ndi batireyo, ndipo akhale wonenepa mokwanira. Waya wowonda amatentha, ndipo galimoto ikagwira moto usiku mulibe kothawira.

Chachitatu, kuzizira ndi chinyezi. Chaka choyamba ndinkatseka paliponse poopa mphepo. Tsiku lina ndikukweza matiresi ndinapeza kunsi kwake kwachita chuku, thabwa lili chinyowere. Mpweya wathu womwewu, nthunzi ya nsima ndi moto wa gasi zimasanduka madzi zikagunda pozizira. Ndinaika fani padenga, n'kuyala timatabwa totalikirana kunsi kwa matiresi kuti mphepo izidutsa, ndipo pophika ndimatsegula zenera ngakhale kunja kuli chisanu. Galasi lakutsogolo muziliphimba chakunja ndi chofunda chake, chifukwa kutentha kwambiri kumathawira pamenepo.

Pofunditsa m'kati, hita ya dizilo ya 2kW imakwanira galimoto yaing'ono. Utsi wake umatulukira kunja, ndiye mpweya wa m'kati umakhala wouma. Mbaula kapena chitofu cha gasi musawothe m'galimoto, chonde. Mpweya wa carbon monoxide umene zimatulutsa sununkha ndipo umapha munthu ali m'tulo. Gulani alamu yake, ndipo za gasi zonse akuonereni mmisiri wovomerezeka.

Chachinayi, madzi ndi chimbudzi. Mapaipi ndi thanki za panja zimaundana, ndiye zikuteni, kapena sungani chigubu cha malita 20 m'kati. Kabokosi ka chimbudzi muzikakhuthula pamalo ake m'makampu oimikamo ma motorhome, osati m'ngalande ya pamsewu. Mukagula kabokosi kena kapadera mudzandithokoza.

Chachisanu, mapepala. Auzeni a inshuwalansi zonse zimene mwasintha, komanso kuti mukukhalamo nthawi zonse. Inshuwalansi zambiri ndi za tchuthi chabe, ndipo mukabisa, tsiku la ngozi adzakukanani. A DVLA (ofesi ya boma yoona za malaisensi ndi magalimoto) ndi a banki amafunabe adiresi, ndiye kambiranani ndi m'bale amene azikulandirirani makalata.

Zonsezi zikatheka, musathamangire kubweza makiyi kwa eni nyumba. Kaimikeni galimoto pa kampu yapafupi mu Novembala, mugonemo sabata yathunthu osalumikiza magetsi a pakampupo. M'mawa uliwonse onani pamene batire yafika, ndipo pisani dzanja kunsi kwa matiresi.