Mmene mungadziwanirane ndi anthu a masewero kuno ku Mulanje

Achinyamata amene akufuna kukhala makochi, oyimbira kapena oyendetsa matimu amakonda kundifunsa kuti angadziwane bwanji ndi akuluakulu a mpira. Akatero amaganiza za a FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, ku Chiwembe kapena mabwana a matimu a mu Super League. Ine ndimayendetsa timu ya anyamata osapitirira zaka 17 kufupi ndi Chitakale, ndipo ndimawauza kuti akuluakuluwo awasiye kaye. Ayambe ndi anthu amene amakumana nawo pabwalo Loweruka lililonse.

Choyamba, muzilawirira pabwalo. Mpira ukamayamba 2 koloko, inu fikani dzuwa lili paliwombo. Mupeza wina akuthira laimu m'mizere, wina akumanga maukonde, oyimbira atakhala pamthunzi kudikira matimu. Gwirani nawo chingwe, katungeni madzi, osadikira kutumidwa. Anthu amenewa ndi amene amadziwa bwalo limene lilibe masewero sabata yamawa, mphunzitsi amene amasunga mipira pasukulu, ndiponso tsiku limene a ofesi ya zamasewero paboma aitanitse msonkhano. Aphunzitsi a zamasewero m'sukulu za pulayimale ndi sekondale musawaiwale, chifukwa ana onse aluso amadutsa m'manja mwawo. Ndipo ngati bwalo lili m'mudzi, kaonekereni kwa amfumu musanaimike zigoli.

Tsiku lina mudzakumana ndi munthu waudindo, kaya wa komiti ya mpira ya boma lino, kaya wa Southern Region Football Association. Perekani moni mwaulemu, tchulani dzina lanu, timu yanu ndi kumene mumasewerera. Funsani funso limodzi limene mukufunadi yankho lake, monga nthawi yolembetsa matimu mu chikho chimene chikubwera. Basi. Mawu oti "bwana, tiganizireniko mipira" musawatulutse tsiku loyamba. Munthuyo wawamva kale kambirimbiri tsiku lomwelo, ndipo nkhope yanu idzangosakanikirana ndi za ena onse opempha. Akakupatsani nambala, ilemekezeni. Osaimba usiku, osafulasha, osamutumizira mauthenga ongofalitsa pa WhatsApp. Mutumizireni zotsatira za masewero anu, kapena mumudziwitse kuti bwalo lakuti ladzaza madzi matimu asanawononge ndalama za thiransipoti. Mukatero adzakudziwani ngati munthu wobweretsa nkhani zothandiza.

Atolankhani nawonso n'chimodzimodzi. Wolemba zamasewero ku wailesi ya Mzati sangafike pabwalo lililonse kuchokera ku Nkando mpaka ku Muloza. Mpira ukatha, mulembereni zigoli, mayina a ogoletsa olembedwa bwino, ndipo muzitero ngakhale tsiku limene mwagonja 4-0. Wotumiza zotsatira pokhapokha akapambana, mtolankhani amamuzindikira msanga.

Tsono pali nkhani imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonsezi, ndiyo maliro ndi matenda. Bambo a wosewera wanu akamwalira, pitani ndi timu yonse, anyamata akathandize kuwaza nkhuni ndi kunyamula mabenchi. Zimenezi aliyense amazidziwa. Chimene ambiri sachita n'kupita pamene zovuta zagwera kochi wa timu imene mumalimbana nayo, kapena oyimbira amene munakangana naye mwezi watha pa nkhani ya penate. Pitani. Sonkhani kachipepeso ngakhale kochepa, mukakhale pansi pamodzi ndi anamfedwa. Wosewera wa timu ina akathyoka mwendo pabwalo lanu, mukamuone kuchipatala tsiku lotsatira. Sindikunena kuti muzichita zimenezi ngati nyambo yokolera anthu, ayi, ndipo wopita pamaliro ndi mtima wotere amaonekera. Mukupita chifukwa anthu amenewa ndi anzanu a ntchito imodzi, ndipo mpira wa m'maboma ulibe inshuwalansi ina koma ife tomwe. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika.

Pa ndalama pamafera maubale ambiri. Mukagwirizana ndi oyimbira mtengo, mulipireni tsiku lomwelo asanakwere kabaza. Mukalonjeza timu ya ku Luchenza kuti mudzabweza masewero kwawo, pitani ngakhale thumba litapyapyala. Mwini golosale kapena bwana wa ku esiteti ya tiyi akakuthandizani ndi jezi kapena ndalama, lembani papepala mmene mwagwiritsira ntchito, phatikizani malisiti, mukapereke nokha m'manja. Muitaneni adzaonere masewero, ndipo mumuthokoze pagulu. Ambiri amene anasiya kuthandiza matimu a kumudzi sanasiye chifukwa chosowa ndalama. Anasiya chifukwa atapereka sanamvenso kanthu mpaka tsiku lopemphanso.

Za mabonanza a andale ndinene mwachidule: kasewereni, landirani mphoto, thokozani, koma timu isasanduke ya chipani. Osewera anu amachokera m'mabanja osiyanasiyana, ndipo chisankho chikadutsa mudzafunabe kugwira ntchito ndi aliyense.

Musadzitsekere mu mpira wamiyendo wokha. Mpikisano wothamanga wa Porters Race, umene umayambira ku Likhubula n'kukwera phiri kudutsa ku Chambe ndi ku Lichenya, umasonkhanitsa othamanga, makampani othandiza ndi atolankhani ochokera ku Blantyre tsiku limodzi. Kadziperekeni kuthandiza okonza mpikisanowo, kaya kugawa madzi kaya kulondolera anthu. Amayi a ntchemberembaye nawo muziyenda nawo limodzi. Mukakonza masewero, aitaneni adzasewere tsiku lomwelo, ndipo mudzaona kuti anthu obwera kudzaonerera achuluka.

FOMO FC italowa mu TNM Super League mu 2024, matimu akuluakulu ankabwera pa Mulanje Park, ndipo ndinkaona anyamata akuthamangira kujambulitsa ndi osewera otchuka. Chithunzi si choipa, koma munthu wofunika kulankhula naye ndi timu manejala, wosamalira jezi kapena kochi wa timu yachisodzera. Iwowa ndi amene amafufuza ana aluso. Mukawauza za mnyamata wanu, nenani zoona zokhazokha. Ngati ali ndi liwiro koma mwendo wamanzere ndi wofooka, nenani choncho. Zaka zake musachepetse ngakhale ndi chimodzi, chifukwa bodza la zaka likaululika limapweteka mwanayo, ndipo wina aliyense amene mudzamutchule pambuyo pake adzakayikiridwa. Makolo akhalepo pa zokambirana zonse, sukulu ya mwanayo ikambidwe poyamba, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe.

Maphunziro a ukochi kapena a oyimbira akalengezedwa, yesetsani kupita, ngakhale mutabwereka ndalama ya minibasi. Pepala mudzalandira, komanso anthu amene mudzakhale nawo m'kalasi masiku amenewo adzabwerera ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu, aliyense ku timu yake. Tengani manambala awo, ndipo mwezi usanathe muimbireni mmodzi mukonze masewero opimana mphamvu. Yambani ndinu kupita kwawo, pa thiransipoti yanu.