Mmene mungapezere ndemanga zoona pa nkhani yanu, n'kuzilandira osadana ndi munthu

Mukapatsa mnzanu nkhani imene mwalemba kuti aiwerenge, yankho lake mukulidziwa kale: "Zili bwino kwambiri, achimwene, pitirizani." Mwina wawerenga tsamba loyamba lokha, mwinanso sanatsegule n'komwe poti bandulo inali itatha. Sikuti akukunamizani mwadala. Tinaleredwa kuti munthu akakuonetsa chinthu chimene wachikhetsera thukuta, sumuuza pamaso kuti chapindika. Choncho ntchito yoyamba ya mlembi kuno kwathu ndi kufukula ndemanga yoona pansi pa ulemuwo, ndipo za kupirira ululu wake zimabwera pambuyo. Ine ndimaphunzitsa Chichewa ku sekondale, madzulo ndimalemba nkhani zazifupi ndi masewero a pa wailesi kwathu ku Kawale, ndipo zimene ndikuuzeni pano ndi zimene timatsata pa kagulu kathu ka alembi kokumana Loweruka masana.

Nkhani imene mwaimaliza usiku wathawu musaipereke kwa aliyense. Ikadali yotentha, ndipo aliyense woikhudza mudzamuona ngati mdani. Isiyeni masabata awiri kapena atatu. Mudzadziwa kuti yazizira mukadzaiwerenga n'kukumana ndi chiganizo chimene mwaiwala kuti munalemba ndinu. Kenako pitani pamalo otayipira ku Old Town kapena kulikonse kumene muli pafupi, mukaisindikize papepala, mizere yake ikhale yotalikirana kuti cholembera chipeze polowa. Pafoni maso amangotsetsereka, ndipo munthu wowerengera pafoni amasokonezedwa ndi uthenga uliwonse wolowa.

Amayi anu, bwenzi lanu ndi abusa a kumpingo kwanu achotseni pamndandanda wa owerenga oyamba. Amakukondani, ndipo chikondicho n'chimene chidzayankhe. Pezani anthu atatu osiyana: mlembi mnzanu wodziwa mmene nkhani imamangidwira, munthu wokonda kuwerenga koma wosalemba, ndi wina wodziwa bwino dziko limene nkhaniyo ikuchitikira. Wachitatuyu ambiri timamuiwala. Ngati nkhani yanu ikuchitikira m'minibasi yochokera ku Area 25 kupita ku depoti, iwerengereni kondakitala; adzakuuzani yekha kuti woitanira amalandira ndalama yake nthawi yanji ndiponso kuti dalaivala sangalankhule choncho kwa wapolisi wa pamsewu. Ngati muli chipinda cha amayi oyembekezera, pezani namwino. Kuiponya pa gulu la WhatsApp la anthu mazana n'kutaya nthawi, chifukwa mudzangolandira tizithunzi ta moto ndi timanja toomba.

Ena amakana kuonetsa zolemba zawo poopa kuberedwa. Lamulo la dziko lino loteteza luso, limene linakonzedwanso mu 2016, limateteza nkhani yanu kuyambira pomwe mwailemba, musanaisindikize n'komwe, ndipo bungwe la COSOMA loona za nkhani zoterezi lili muno mu Lilongwe momwe. Ngati mtima ukukayikabe, dzitumizireni nokha fayiloyo pa imelo musanaipereke kwa munthu, kuti tsiku lake lioneke. Mukatero perekani. Nkhani zambiri zimene ndaziona zikubisidwa m'sutikesi zinkafunika owerenga kuposa loko.

Tsopano pa funso lenilenilo. Musamafunse kuti "Yakoma?" kapena "Mwaiona bwanji?" Mafunso amenewa amaitana ulemu. Munthu akamaliza kuwerenga, tengani mapepalawo, muwatembenuze chafufumimba patebulo, n'kumuuza kuti, "Asisi, tandifotokozereni nkhaniyi ngati mukufotokozera munthu amene sanaiwerenge." Ndiye khalani chete. Zimene adzayambire ndizo zamugwira. Zimene adzadumphe ndizo zafa, ngakhale inu munazigonera mochedwa. Akasokoneza mayina a apangankhani awiri, dziwani kuti awiriwo akulankhula mofanana kapena mmodzi ndi wosafunika. Akati "kenako sindikudziwa kuti zinatheka bwanji, koma mkaziyo anapezeka ali ku Mitundu," pamenepo pali dzenje m'tsatanetsatane wa nkhani yanu, ndipo iye wakuonetsani asakudziwa kuti akudzudzula.

Njira ina, imene imathandiza kwambiri pa ndakatulo ndi masewero, ndi kumupatsa wina kuti akuwerengereni mokweza, inu muli phee pakhonde. Musawerenge nokha, chifukwa mawu anu amadziwa pokwera ndi potsika, ndipo amabisa zilema. Mlekeni mnzanuyo apunthwe. Ikani kadontho paliponse pamene wabwereza chiganizo, pamene wapuma pakati pa mawu posayenera kupuma, ndi pamene womvera wachitatu wasolola foni m'thumba. Kusolola foni kumeneko ndi ndemanga yoona kuposa zonse zimene anganene pakamwa. Mukafuna kuwonjezera mafunso, akhale oti munthu angayankhe osaoneka wamwano: "Ndi pati pamene munafuna kusiya?" "Ndani mwa anthuwa amene simunamukhulupirire?" "Mukanauzidwa kuti muchotse tsamba limodzi, mukanachotsa liti?"

Pa kagulu kathu tili ndi lamulo limodzi lokha louma: nkhani yako ikamakambidwa, mwiniwake sulankhula. Umagwira cholembera n'kumalemba zimene zikunenedwa, ngakhale zimene ukuona kuti n'zopusa. Mwambo wokhala pansi n'kusenda zolemba za wina si wachilendo m'dziko muno. Gulu la Writers' Group linayamba mu 1970 ku Chancellor College, kolejiyo idakali ku Blantyre isanasamukire ku Zomba mu 1973, ndipo ophunzira ndi aphunzitsi awo ankakhala pamodzi n'kumaunika ndakatulo ndi nkhani za anzawo. Iwo ankachita zimenezi nthawi imene bungwe la boma loletsa mabuku linali ndi mphamvu, ndipo mmodzi wa iwo, Jack Mapanje, anakakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Ife lero chimene timaopa ndi nkhope ya mnzathu basi.

Kukhala chete kumavuta, ndipo mawu amene amafuna kutuluka pakamwa nthawi zonse ndi omwewa: "Koma zimenezi zinachitikadi!" Mukadzimva mukufuna kunena zimenezi, dziwani kuti mwafika pamalo pamene mtima wanu wamatirira. Wowerenga sanalipo tsiku limenelo. Iye ali ndi pepala lokha, ndipo ngati pepalalo silinamukhutiritse, kuchitikadi kwa zinthuzo sikumuthandiza. Simudzakhala pambali pa aliyense wogula nyuzipepala kuti muzimufotokozera.

Ndemanga zimene mwalembazo musazigwiritse ntchito tsiku lomwelo. Gonani nazo, mawa lake muzigawe.

Zina ndi za kalembedwe: zilembo zolakwika, mawu olumikiza posayenera, mpumiro wosowa. Izi landirani osatsutsa. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amene timatsata m'sukulu anakonzedwa mu 1990, ndipo a Centre for Language Studies ku Zomba ndiwo amayang'anira za chiyankhulo masiku ano. Mkonzi akakusinthirani l kukhala r pambuyo pa i kapena e, sanakunyozeni, wangotsata lamulo. Pokhapo pamene ndimalimba ndi pa mawu otuluka m'kamwa mwa apangankhani. Mnyamata wa kabaza wa ku Mchesi akafunsidwa moni amati "Bhobho, madala," ndipo wina akafuna kumusandutsa wolankhula ngati wowerenga nkhani za pa wailesi, kanani. Gogo wa ku Nsaru nayenso msiyeni alankhule Chichewa cha kwawo.

Zina ndi malo amene wowerenga anapunthwa. Izi ndizo zamtengo wapatali, makamaka anthu awiri osadziwana akaloza ndime imodzimodzi. Koma onetsetsani: nthawi zambiri chilonda chimakhala kumbuyo kwa pamene munthu waloza. Akati mathero abwera modzidzimutsa, musathamangire kutalikitsa mathero; bwererani ku tsamba lachiwiri mukaone ngati munadzalako chimene chikudzakololedwa kumapetoko.

Zina, zomwe ndi zambiri, ndi za munthu amene akufuna kuti mulembe nkhani ina yosiyana ndi yanu. "Mkaziyo alape kumapeto." "Muikemo phunziro kwa achinyamata." "Bwanji mwamunayo amwalire ndi matenda kuti anthu atengerepo phunziro?" Ife tinakulira m'nthano zothera ndi phunziro, ndipo mayeso a kusukulu amafunsa phunziro la nkhani iliyonse (inenso ndimawafunsa ana anga zomwezo Lolemba lililonse, ndisaname), choncho owerenga ambiri amaona ngati nkhani yopanda chilango kwa wochimwa sinathe. Kuti musasokonezeke, musanapereke nkhani kwa aliyense lembani kuseri kwa tsamba lomaliza chiganizo chimodzi chonena chimene nkhaniyo ikufuna kuchita. Mwachitsanzo: "Wowerenga amumvere chisoni mayi woba mankhwala, ngakhale akudziwa kuti walakwa." Ndemanga iliyonse iyezeni ndi chiganizo chimenecho. Yothandiza kufika pamenepo itengeni, yokukokerani kwina isiyeni.

Chopweteka kwambiri ndi kudula ndime yabwino. Yoipa aliyense amadula mosavuta. Koma pamakhala ndime imene munailemba misozi ili m'maso, mwina yofotokoza manja a agogo anu akusenda chinangwa, ndipo owerenga onse atatu akuti ndi yokoma koma nkhani yaima pamenepo. Apa ndimakumbukira kupatulira chimanga: mbewu zimene umazula paphando si zodwala ayi, n'zobiriwira ngati zinzake, kungoti phandolo silingadyetse zonse. Musaifufute ndimeyo. Tsegulani fayilo ina, muitche "Zodula", muisungemo. Dzanja limalimba mtima kudula likadziwa kuti chinthucho sichikutayika, ndipo nthawi zina ndime yotereyi imadzabala nkhani yakeyake.

Taonani chitsanzo cha mtundu umene timakumana nawo kawirikawiri. Mlembi walemba kuti: "Nabanda anamva chisoni chachikulu chosasimbika mumtima mwake, misozi inayenderera m'masaya mwake pokumbukira mwamuna wake wokondedwa amene anamusiya padziko lapansi lozunzali." Owerenga akuti sanamve kanthu, mlembi wakwiya poti chisonicho ndi chake chenicheni. Atakonza, zinakhala motere: "Nabanda anaomola mitanda iwiri, n'kuika m'mbale ziwiri monga mwa masiku onse. Atatembenuka kuti aitane, anakumbukira, ndipo anabweza mtanda winawo mumphika." Mawu oti chisoni achokamo, koma m'chipindamo munangoti zii atawerenga. Mlembiyo sanataye chimene chinkamupweteka mumtima, anangosiya kuchitchula dzina.

Nanga wopereka ndemanga akakhala wamkulu, monga mphunzitsi wanu wakale kapena mlembi wodziwika amene wakuchitirani chifundo powerenga? Kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Simuyenera kutsutsana nawo, komanso simuyenera kuchita zonse zimene anena. Ayankheni motere: "Zikomo kwambiri, bambo, chifukwa cha nthawi yanu. Mfundo ya pa tsamba lachitatu yandithandiza, ndakonza. Za matherozo ndikuziganizirabe." Mwatchula chinthu chenicheni chimene mwatenga, iwo aona kuti sanataye nthawi, ndipo mathero anu atsala momwe analili. Akadzaona nkhaniyo itasindikizidwa, kawirikawiri sakumbukiranso zimene ananena.

Ndemanga zankhanza nazo zilipo, makamaka pa Facebook. Ziyeseni ndi funso limodzi: kodi munthuyu waloza mzere kapena ndime? Ngati waloza, tolani mfundoyo ngakhale yabwera ndi chipongwe, poti wakutsina khutu ndi mnansi ngakhale zikhadabo zake zili zazitali. Ngati wangoti "izi ndi zinyalala" kapena wayamba kukamba za inu mwini, palibe choti mukonze. Osamuyankha usiku. Ndiponso musamathamangire kunena kuti ndi kaduka, chifukwa mawu amenewa apha alembi ambiri amene akanakula.

Kwa akonzi a nyuzipepala ndi a pa wailesi, kumbukirani kuti iwo amadula potsata malo a patsamba kapena mphindi za pulogalamu. Afunseni kutalika kumene akufuna musanatumize, mudule nokha, chifukwa mukawasiyira adzadula chakumapeto kumene kuli mtima wa nkhani. Akasintha chinthu chosintha tanthauzo, muli ndi ufulu wopempha kuti muone asanasindikize. Akonzi ambiri akapanda kuifuna nkhani sakana poyera, amangokhala chete. Pakatha mwezi tumizani uthenga umodzi waufupi wofunsa ngati nkhani inafika. Mwezi wina ukathanso kuli zii, alembereni kuti mukuitumiza kwina, kuti isadzatuluke malo awiri nthawi imodzi. Khalani ndi kope limene muzilembamo dzina la nkhani, kumene mwaitumiza, tsiku lake ndi yankho, ndipo tsiku lomwe mwatumiza nkhani imodzi yambani kulemba ina.