Namasupuni wapulumutsa nyemba zanga

Nyemba zanga za kudimba, kufupi ndi mtsinje wa Shire ku Liwonde, zinkachita chikasu n'kupinimbira. Feteleza sindikanakwanitsa kugula. Ndinayesa kukwirira namasupuni wamuwisi (chomera choyandama pamadzi) m'mizere, koma anangowola n'kununkha, wina n'kuphukanso pamene panali chinyezi.

Chomwe chinathandiza n'kumuyanika. Ndinamuvuula asanachite maluwa kuti njere zake zisalowe m'munda, ndinamuduladula ndi chikwanje n'kumuyanika padzuwa masiku 4. Apa musapupulume, namasupuni ndi madzi okhaokha, akapanda kufota manyowa sapsa bwino. Kenako ndinamusanjikiza m'dzenje ndi ndowe za mbuzi ndi phulusa, n'kumatembenuza pakatha milungu iwiri. Patatha miyezi iwiri manyowa anapsa.

Ndinathira manja awiri pa phando lililonse pobzalanso nyemba. Wilibala ndinangobwereka, ndalama sinatuluke. Nyemba zabiriwira.