Kalembedwe ka mbiri ya agogo amene anayamba mudzi

Mbiri ya agogo anga aamuna inalembedwa usiku pa siwa, pa pepala long'ambidwa m'kope la mwana wa sitandade 6. Amalume ankanena, msuweni wanga ankalemba akuwunikira ndi foni. M'mawa mwake mkulu wa mpingo anaiwerenga kumanda: anabadwa 1920, anabatizidwa, anamanga banja, asiya ana asanu ndi awiri ndi zidzukulu zambiri, adwala kanthawi kochepa. Mphindi zitatu sizinakwane. Amenewo ndi munthu amene anagwetsa mtengo woyamba pamalo pamene lero pali mudzi wathunthu, amenenso anaumba njerwa za tchalitchi chomwe tinachitiramo mwambowo. Ndipo 1920 ija inali yongoponya.

Banja litagwirizana zomanga manda ndi kuika chipilala, ntchito yolemba mbiri yeniyeni inagwera ine, poti ndine mphunzitsi ndipo ndimakhala ku Chibavi, pomwe kumudziko ndi ulendo wa kabaza wa njinga yamoto. Inanditengera miyezi isanu. Ngati inunso muli ndi agogo otere, amene anabwera kudera lachilendo n'kuyamba mudzi ndi mpingo, nayi njira imene ndinadutsa.

Poyamba kaonekereni kwa mfumu. Simukupita kukafunsa mbiri, mukungokapereka ulemu, kuti anthu akakuonani mukuzungulira m'minda ndi kope asayambe kunong'ona kuti mwabwera kudzayeza malo. Nkhani ya malo kuno ku Mzuzu ndi yotentha, mzinda ukudya midzi chaka ndi chaka. Mukatero, lembani mayina a okalamba onse amene anawaona malemuwo ali ndi mphamvu, ndipo muyambe ndi wofooka kwambiri. Ine ndinachedwa ndi mdala wina amene ankapita nawo limodzi ku mapemphero, ndinkati ndidzapita mvula ikatha. Ndinakapezako maliro.

Pitani nokha, kapena ndi munthu mmodzi womasulira. Ife kwathu timayankhula Chichewa chifukwa agogo anachokera ku Dowa, koma oyandikana nawo onse ndi a Chitumbuka, ndipo Chitumbuka changa ndi cha mumsika, chogulira matemba ndi nthochi. Ndinatenga mlamu wanga kuti azindimasulira. Amalume ndinawasiya dala. Iwo akakhalapo aliyense amangovomera zomwe anena, amayi aakulu sayasamula n'komwe. Tengani paketi ya shuga, sopo ndi mchere, ndipo mupemphe chilolezo musanayatse chojambulira mawu pa foni. Mukaiika pa mphasa muiiwale, osamangoiyang'ana.

Chachikulu chimene ndinaphunzira ndi ichi: musafunse chaka. Mukati "Agogo, anabwera chaka chanji?" adzakupatsani nambala iliyonse kuti musabwerere chimanjamanja. Funsani zomwe maso awo anaona, chaka mudzachipeza nokha kunyumba. Gogo wina wamkazi, amene bambo ake ndiwo anapatsa agogo malo, ndinamufunsa kuti, "Pamene mlendoyu ankafika, kuno kunali chiyani?" Anaseka, nati tawuni kunalibe, kunali mitengo ya azungu yofika m'mawondo, ndipo mlendoyo ankagwira ntchito yolimira mitengoyo. Apo ndinapeza pogwira. Mzuzu anayamba ndi esiteti ya mitengo ya tung, yomwe mafuta ake ankapangira penti ndi vanishi, ndipo esitetiyo inayamba mu 1947. Mitengo yofika m'mawondo ndiye kuti agogo anafika cha m'ma 1948 kapena 1949.

Musananyamuke, lembani kuchikuto kwa kope lanu zochitika zomwe okalamba saiwala, kuti muzikolekapo nkhani zawo. Langa linali ndi mliri wa fuluwenza wa 1918, nkhondo ya Hitler kuyambira 1939 mpaka 1945, njala ya 1949 yomwe inasautsa kwambiri kumwera, chitaganya mu 1953, kubwera kwa Kamuzu pa 6 July 1958, kumangidwa kwa anthu pa 3 March 1959, ufulu mu 1964, kwacha ndi tambala kulowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni mu 1971, ngozi ya ndege ya Wenela ku Francistown mu 1974, ndi riferendamu ya 1993. Kenako mumafunsa kuti, "Tchalitchi cha njerwa chija munamanga mukugwiritsa masheleni kapena makwacha?" Yankho lake limabwera msanga ndipo silinama.

Chaka chobadwa ndinachipeza momwemo. Amayi aakulu anakumbukira kuti agogo ankakonda kunena kuti fuluwenza inapha abale awo awiri iwo ali kumsana kwa mayi awo. Mwana wa kumsana mu 1918 sangabadwe 1920. Ndinalemba "cha m'ma 1917", ndipo mawu akuti "cha m'ma" musachite nawo manyazi.

Mukamaliza ndi pakamwa, funani mapepala. Pafupifupi nyumba iliyonse ya munthu wopemphera wakale ili ndi sutikesi yachitsulo pansi pa bedi. Yathu inali kwa amalume aang'ono, yodzadza ndi fungo la mphemvu. Munali Baibulo lopanda chikuto, ndipo pa tsamba loyamba agogo analemba ndi pensulo mayina a ana ndi masiku awo obadwa. Munalinso ziphaso za msonkho, makhadi a chipani a nthawi ya Kamuzu, khadi la mpingo, ndi kalata ya msamuko yochokera ku mpingo wawo wa ku Dowa, wa sinodi ya Nkhoma, yowapereka m'manja mwa a Livingstonia. Mipingo ya Nkhoma ndi ya Livingstonia inali kale mu CCAP imodzi kuyambira 1926, n'chifukwa chake kalatayo inagwira ntchito. Jambulani chilichonse ndi foni pomwepo, panja pa khonde pamene pali kuwala, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Musatenge pepala ngakhale limodzi kupita nalo kwanu. Likadzasowa, dzina lanu lidzatchulidwa pa maliro aliwonse.

Ku tchalitchi lembani kalata kwa mlembi wa sesheni (bwalo la akulu a mpingo), ndipo abusa adziwe. Musadabwe akakuuzani kuti mabuku akale sali pamenepo. Tchalitchi cha m'mudzi chimayamba ngati nyumba ya mapemphero pansi pa mpingo waukulu, choncho maubatizo ndi maukwati a zaka zoyamba amalembedwa kumeneko. Kwa ambiri a kuno mpingo waukuluwo ndi Ekwendeni, mishoni yomwe inayamba mu 1889, pafupifupi makilomita 20 kuchokera m'tauni. Maofesi a sinodi ya Livingstonia ali konkuno ku Mzuzu, angakulozereni koyenera. Akatolika afunse ku parishi, mabuku awo a ubatizo amasungidwa bwino. Ku National Archives ku Zomba n'kutali, ine sindinafikeko. Pofufuza m'mabukumo kumbukirani kuti a Phiri ndi a Banda ndi ambirimbiri, ndiye muziyang'ana dzina la mkazi ndi la mudzi pamodzi. Komanso mlembi wa Chitumbuka ankalemba dzina la Chichewa monga analimvera, agogo ndinawapeza atalembedwa mitundu itatu.

Tsiku lina lonse lipatuleni kuti muyende pamalopo ndi wokalamba amene akuthabe kuyenda. Gogo uja anandionetsa dzenje lomera nsenjere kuseri kwa tchalitchi, nati apa panali chulu chomwe anakumbapo dothi la njerwa. Anandionetsa chitsa cha mkuyu pomwe ankapempherera tchalitchi chisanamangidwe, anthu asanu ndi mmodzi atakhala pa zipika. Pa nthambi ya mango pakadali limu ya lole yadzimbiri yomangidwa ndi waya. Ndinakula ndikuiona koma sindinafunsepo. Ndiyo inali belu, agogo ankaimenya ndi chitsulo cha khasu lothyoka Lamulungu lililonse, ngakhale m'mwezi wa June pamene chifunga ndi mvula yowaza ya kuno zimakulowa mpaka m'mafupa.

Pofika pa chikhristu chawo, pewani mawu akuti "anali munthu woopa Mulungu". Amanenedwa pa maliro a aliyense, ngakhale a amene ankangolowa m'tchalitchi pa Khrisimasi. Funsani zimene ankachita. Agogo ankanyamuka Loweruka pa wapansi kupita ku Ekwendeni kukalandira mgonero, atanyamula chinangwa chophika m'kathumba, n'kubwerako Lamulungu usiku. Pakhomo pawo Lamulungu mtondo sunkalira, madzi ankatungiratu Loweruka. Nyimbo ankayimba m'Chitumbuka pamodzi ndi anzawo, koma akati apemphere ankabwerera ku Chichewa, ndipo amayi a Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, ankawaseka kuti Mulungu wawo anatsala ku Dowa. Zinthu ngati zimenezi ndizo mdzukulu wosawaona angawadziwire.

Mudzakumananso ndi zosakoma, konzekeranitu. M'Baibulo muja, pamwamba pa mayina asanu ndi awiri omwe tonse timawadziwa, panali dzina lina la mwana wamkazi. Nditafunsa amayi aakulu, anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, zimenezo bambo sankafuna kuzikamba." Agogo anasiya mkazi ndi mwana ku Dowa pobwera ku esiteti, ndipo sanabwererenso. M'buku la sesheni zinalembedwa kuti anaimitsidwa mgonero kwa kanthawi chifukwa cha nkhani ya ukwati wachiwiriwo. Pa maliro mwana uja sanatchulidwe, ndipo ana ake anamva za imfayo patapita miyezi.

Apa musagamule nokha. Ndinaitanitsa amalume onse ndi amayi aakulu, ndinaika Baibulo pa tebulo lotsegula pa tsambalo. Panali phokoso, amalume aakulu anati ndikufuna kuvula bambo awo pagulu. Tinagwirizana zolemba mbiri ziwiri. Yowerenga kumanda inatchula ana asanu ndi atatu, woyamba ndi dzina lake, osafotokoza zambiri. Ya m'banja ili ndi zonse, za sesheni zomwe. Kwa ine, munthu amene anaimitsidwa mgonero n'kumamenyabe limu ija Lamulungu lililonse mpaka anabwezeretsedwa ndi wolemekezeka kuposa woyera mbee amene anawerengedwa pa maliro, koma amenewo ndi maganizo anga, amalume sanawalandire.

Za imfa funsani amene anadwazika, osati amene anafika ndi galimoto tsiku loika. Nthawi zambiri ndi amayi. Afunseni kuti ankadya chiyani masiku omaliza, anaitanitsa ndani, ananena chiyani. Agogo anakana kubwerera ku chipatala, anati awagoneke pa mphasa pafupi ndi moto, ndipo anapempha akulu a mpingo kuti abwere ndi mgonero. Usiku womaliza ananena kuti asadzawanyamule kupita ku Dowa, awaike pambali pa mkuyu uja. Mawu ngati amenewa muwamve kwa anthu awiri, aliyense payekha, ndipo mulembe amene anakuuzani ndi tsiku lake. Si nkhani ya chisoni chabe. Kwathu ku Dowa malo amayenda kuchikazi, kuno amayenda kuchimuna, ndipo banja la obwera likadzafunsidwa kuti malowa munawapeza bwanji, manda ndi mawu amenewo ndiwo mboni.

Kulemba kwenikweni sikuvuta mukakhala ndi zonsezi. Yowerenga kumanda isapitirire masamba awiri, anthu amakhala ataima padzuwa. Iwerengeni mokweza pamaso pa wokalamba mmodzi musanasindikize, pamene akugwedeza mutu mokana muimepo. Ya m'banja sindikizani makope angapo, limodzi likhale ku tchalitchi, lina litumizeni pa WhatsApp kwa achibale a ku Joni, ndipo mawu munajambula aja muwasunge malo awiri chifukwa mafoni amabedwa. Mawu a pa chipilala alembeni ndi zilembo zazikulu pa pepala, ndipo mukaone nokha mmisiri asanayambe kusema. Wathu anafuna kuchotsa "cha m'ma" ati akuwononga mzere, ndinachita kuima pomwepo mpaka anamaliza.

Tsiku lovundukula chipilala kunabwera anthu atatu ochokera ku Mponela, zidzukulu za mwana woyamba uja. Gogo amene anandiuza za mitengo yofika m'mawondo sanathe kuyenda, tinachita kumunyamula pa mpando mpaka pa chitsa cha mkuyu. Nditafika pa chaka chimene agogo anabwera anandidula pakamwa pagulu, nati mlendoyo anafika mvula isanayambe, osati itatha monga ndinalembera. Ndinakonza ndi bolopeni pomwepo.