Momwe mungakonzere nyumba ndi ndalama zochepa musanaigulitse

Munthu akabwera kudzaona nyumba yogulitsa, kaya ku Area 25 kaya ku Machinjiri, maso ake amathamangira malo awiri: kusiling'i ndi m'munsi mwa khoma. Akaona mawanga a madzi pamenepo, mtengo waudula kale mumtima musanamupatse n'komwe mpando. Ndiye ndalama zanu zochepazo zithane kaye ndi madzi, penti abwere pambuyo.

Ntchitoyi ndi ya nyengo yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Yambani ndi denga. Masana dzuwa lili paliwombo, wina akwere m'siling'i aone pomwe pakulowa kuwala. Nthawi zambiri vuto si malata onse ayi, ndi misomali yomwe inagwedera. Sinthani misomaliyo, timabowo mumate ndi phula. Ali komweko agogode mitengo ya denga, chifukwa chiswe chimadya mkati n'kusiya khungu lokha.

Tsopano khoma. Apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe ine ndalama zinandithera. Nyumba yomwe ndinkagulitsa inali ndi chinyontho kuchipinda chakumbuyo, kuyambira pansi mpaka m'mawondo. Mmisiri wina anandilimbitsa mtima kuti penti wamafuta atseka zonse. Anapakadi, khoma n'kuwala bwino. Mvula yoyamba itangogwa, pentiyo anatupa matuza, ndipo ukabowola ndi chala munkatuluka ufa woyera ngati mchere. Wogula yemwe tinali titamvana kale anangogwira khomalo, n'kuyang'ana chala chake, basi sanaimbenso foni.

Chinyontho chotere chimakwera kuchokera m'nthaka, makamaka nyumba zomwe pomanga sanayale pulasitiki wakuda uja pamwamba pa maziko. Tulukani panja muone komwe madzi a padenga amagwera. Ngati dothi launjikana mpaka kukhudza pulasitala, lifosholeni, nthaka itsetserekere kutali ndi nyumba. Kumbani ngalande, ndipo ngati thumba likulola, thirani kakhonde ka simenti kuzungulira mbali yovutayo. Mukatero ndi pomwe mulowe mkati. Gumulani pulasitala yense wofumbwa, mupitirireko pang'ono pamwamba pa pomwe chinyontho chalekezera, njerwa zipume masiku angapo mazenera ali otsekula. Pulasitala watsopano asakanizidwe ndi mankhwala oletsa madzi omwe amapezeka m'mahadiweya, mchenga wake ukhale wa kumtsinje, wopanda dothi. Muzimuwaza madzi sabata yoyamba, kenako mumusiye milungu itatu kapena inayi aume. Mmisiri adzakufulumizitsani chifukwa akufuna alandire zake apite kwina. Musamumvere.

Simenti gulani tsiku lomwe mukuigwiritsa ntchito, ndipo thumba mulipapase. Likakhala ndi mibulu yolimba, linagona pachinyezi, lisiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Pentinso chimodzimodzi. Alipo ogulitsa ena omwe amathira madzi m'ndowa ya malita 20 n'kutsekanso bwinobwino. Onani ngati chivindikiro sichinatsekulidwepo, ndipo mukagule nokha, osatuma mmisiri. Penti wotchipa kwambiri uja amafuna kupaka kanayi kuti khoma libisike, mapeto ake mwagula ndowa ziwiri.

Mtundu sankhani woyera kapena wa kirimu nyumba yonse, zipinda zimaoneka zazikulu. Zobiriwira ndi zapinki zomwe mumakonda mukapake kwanu kwatsopano. Mpanda wa njerwa laimu amakwana, ndipo geti lipalidwe dzimbiri musanalipake penti wakuda.

Matailosi musaike. Ndi okwera mtengo, komanso wogula akhoza kudzawachotsa. Simenti ya pansi ikatsukidwa n'kupakidwa polishi wofiira imakongola yokha.

Zotsalazo ndi za tsiku limodzi: mpope wodontha, galasi losweka, loko wovuta, mababu akufa, chivindikiro cha chimbudzi. Tchetchani udzu, dzala likwiriridwe, zitsulo zakale zomwe zili kuseri mugulitse kwa ogula zitsulo, ndalama yake igule bulashi.

Musanaitane madobadoba, lipirani ngongole ya madzi ku Water Board, muonetsetse kuti mita ya ESCOM ilibe vuto, ndipo malisiti a msonkho wa kukhonsolo akhale mu envulopu imodzi ndi mapepala a umwini wa malo. Zithunzi zoika pa Facebook mujambule m'mawa, makatani atatsekulidwa, zovala zitachotsedwa pachingwe.