Katsukidwe ka zipatso za m'masitolo a kunja

Ku Namwera kapena ku Malindi mango akagwa mumtengo munthu amangopukuta pa malaya n'kuluma, chifukwa mitengo yapakhomo sipoperedwa kanthu. Maapozi, mphesa ndi malalanje amene mukugula ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town ndi ena: ambiri amapoperedwa mankhwala ophera tizilombo kumunda, ndipo akakololedwa ena amapakidwanso phula ndi mankhwala oletsa chuku kuti asawole panjira.

Sambani kaye m'manja. Chipatso chilichonse chitsukeni pampopi madzi akuyenda, mukuchitikita ndi zala kwa masekondi 30. Kungoviika m'beseni sikokwanira, chifukwa chimene chimachotsa mankhwala kwambiri ndi kutikitako. Zakhungu lolimba ngati mavwende zikwecheni ndi burashi yoyera musanazidule, apo ayi mpeni ulowetsa zakunja mkati.

Maapozi amafuna soda, yemwe uja timathira m'therere. Sungunulani masipuni awiri aang'ono a tiyi mu lita imodzi ya madzi, muviike maapoziwo onse amire kwa mphindi 12 mpaka 15, kenako muwatsukuluze pampopi. Ofufuza a pa University of Massachusetts Amherst anayesa njirayi mu 2017 pa maapozi a mtundu wa Gala, ndipo soda anachotsa mankhwala apamwamba pa khungu kuposa madzi okha. Ambiri amalakwitsa pofulumira kuvuula. Mphindi ziwiri sizimaliza ntchito. Pogula onetsetsani kuti paketi yalembedwa bicarbonate of soda. Caustic soda wopangira sopo amawotcha, asayandikire chakudya.

Sopo wotsukira mbale ndi Jik musazigwiritse ntchito. Khungu la chipatso lili ndi timabowo, sopoyo amatsalira momwemo ndipo amatha kukupwetekani m'mimba.

Pali mankhwala ena amene amalowerera m'khungu, ndipo madzi kapena soda sangawafikire. N'chifukwa chake mwana wamng'ono kapena mayi woyembekezera ndi bwino kumusendera apozi mutatsuka kale, ngakhale zakudya zina zofunika m'thupi zimapita ndi makokowo.

Mphesa ndi sitiroberi zitsukeni nthawi yodya yokha, m'sefa, mofatsa. Mukaziika m'firiji zonyowa zimayamba msanga chuku. Malalanje ndi manachesi, mankhwala ambiri amakhala pa makoko, choncho mukasenda sambaninso m'manja musanagawire ana.